Abambo Awiri a Étiennette

Chaka chimene ndinapuma ntchito yoyendetsa basi ku Rimouski
ndicho ndinayamba kusaka abambo ako,
Étiennette, iwe wa mibadwo khumi ndi umodzi kumbuyo kwanga.

Kosungira zolemba zakale ku Quebec
anandiveka magolovesi oyera
ngati ndikukasambitsa maliro.
Pepala loyamba, pangano la ukwati, chaka cha 1668:
mwana wa malemu Jacques Brossault,
wokhoma migolo ku La Rochelle.
Usiku umenewo ndinagula vinyo.
Patatha milungu itatu ndinatsegula kaundula wa tchalitchi.
Ukwati womwewo, mkwati yemweyo,
masiku asanu ndi anayi okha pakati,
koma wansembe analemba kuti Pierre.

Kodi wansembeyo anali wogontha khutu limodzi?
Kodi chisanu chinali chitakuumitsa milomo?
Kapena unaiwala bodza lako loyamba,
monga amaiwalira wonama ali ndi njala?

M'munsi mwa mapepala onse awiri unaikapo mtanda
poti cholembera sunkachidziwa.
Mtanda wako ndi wopendekera kumanzere,
ndipo inki inayenderera pomwe unakanikiza nthenga.
Ndauyang'ana ndi galasi lokulitsa
mpaka maso kuchucha misozi.

Ndinalembera ku France.
Mayi wina, Solange, anayankha patatha miyezi inayi,
zilembo zake zazing'ono ngati nyerere.
Eya, anatero, Jacques anabatiza mwana, Étiennette.
Koma tsegulani buku la maliro:
anamuika ali ndi zaka zinayi. Nthomba.

Nanga iwe ndiwe yani,
unakwera chombo utavala dzina la kamwana kakufa?

Masiku ena ndimakuona uli wantchito m'nyumba ya Jacques,
ukusesa zipalapala za matabwa,
dzinalo lili gone pakhomo
ngati nsapato zosowa mwini,
iwe n'kuponyamo phazi, n'kupeza zakukwana.
Masiku ena ndimati ayi,
Jacques anabalanso wina wamkazi
n'kumutcha dzina la mkulu wake, monga ankachitira kale.
Solange akuti masamba a zaka zimenezo anadya mbewa.
Mbewa za ku La Rochelle zinakhuta ndi mbiri yanga.

Ndinalavulirako m'kabotolo, n'kutumiza.
Anandibwezera asuweni zikwi zinayi,
wina ku Manitoba, wina wometa agalu ku Maine,
ndipo onsewo akufunsa ine.

Mlongo wanga Ghislaine akufuna mtengo wa banja
ausindikize pansalu yaikulu ya msonkhano wa mu Ogasiti.
Ingolemba Jacques, akutero pafoni,
akakutsutse ndani?
Ndamuuza kuti andipatse sabata ina.
Sabata imeneyo yakwana zaka ziwiri.

Amati mlendo ndi mame,
koma iwe dzuwa linakutulukira, osauma.
Ana khumi ndi atatu, asanu ndi atatu anakula.
Unaika amuna awiri m'nthaka ya pachilumba cha Orléans
imene m'nyengo yozizira khasu limanjanja.
Pa kalembera womaliza unadzichotsera zaka zisanu ndi chimodzi,
ndipo nditawerenga ndinaseka ndekha m'laibulale
mpaka mlonda kutembenuka.
Amayi anga ankachita chimodzimodzi.

Dzulo ndinaoloka mlatho kupita kuchilumbako.
Pomwe panali munda wako pali mizere ya maapozi
ndi kanyumba kogulitsira jamu.
Manda ako palibe akuwadziwa.
Ndinaima pamphepete, mtsinje ukukankha zibenthu za madzi oundana,
ndinaitana Jacques, ndinaitana Pierre,
anayankha ndi atsekwe okha.

Kunyumba ndayala pepala la Ghislaine patebulo.
Dzina lako ndalilemba ndi inki.
M'kabokosi ka pamwamba pako, ka abambo,
ndagwira pensulo nthawi yaitali, khofi mpaka kuzizira,
kenaka ndajambulamo mtanda
wopendekera kumanzere.